Sukulu Yopanda Mbiri

Mwa ife Achewa, mwana akafuna kuchita chinthu chachikulu, mawu otsiriza amachokera kwa malume ake. Mwambo umenewu ndidakula nawo, koma sindidaganizepo kuti tsiku lina udzandilondola kuchokera kutsidya kwa nyanja yamchere, n'kundifunsa maganizo pa chinthu chimene ngakhale dzina lake lomwe linkandikanika kutchula.

Adali madzulo ena m'mwezi wa Novembala chaka cha 2024, mvula yoyamba itangogwa. Ndidali pakhonde ndikusankha mbewu ya mtedza pamene foni idalira. Woimbayo adali mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene adachoka kuno ali ndi zaka 8 kutsatira mayi ake ku Indiana, m'dziko la America, kumene Amalawi ambiri adakhazikika. Mlongo wangayo wakhala zaka zonsezi akugwira ntchito yosamalira nkhalamba, usiku ndi usana, kuti mwanayu aphunzire.

"Amalume, ndili ndi nkhani," adatero titapatsana moni. Chichewa chake chidalemera pang'ono pa lilime, koma ulemu sadautaye. "Amayi akuti sangayankhe okha. Akuti ndiyambe ndamva kwa inu."

Nkhani yake idali yotere. Adali atafunsira malo m'sukulu zingapo za udokotala, ndipo ziwiri zidamuyankha. Yoyamba, yakale ndi yodziwika, idamuika pa mndandanda wa odikira: malo akapezeka adzaitanidwa, akapanda kupezeka ndiye kuti chaka chapita pachabe. Yachiwiri idamutenga ndithu, koma idali yatsopano kotheratu, yoti idzalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2025. Sukuluyi idampatsa masabata owerengeka kuti alipire ndalama ya chikole, yosabwezedwa, kusonyeza kuti malowo wawalandira.

"Komanso amalume, yachiwiriyi ndi ya osteopathic medicine."

Ndidamuuza kuti abwereze katatu, ndipo ndidalemba mawuwo kuseri kwa lisiti ya feteleza. Atandiuza kuti chiyambi cha dzinali ndi mawu a Chigiriki otanthauza fupa, mtima wanga udagwa. M'maganizo mwanga mudabwera gogo wina wa m'mudzi mwathu amene ankathowa anthu obinya mwendo ndi kumanga mikono yothyoka ndi timitengo ta nsungwi. Gogoyo ndinkamulemekeza, koma sindidaone chifukwa chakuti mlongo wanga athere msana zaka 15 kuti mwana wake akaphunzire ntchito yomweyo ku America. Mwamwayi uphunzitsi udandiphunzitsa kusayankha funso ndisanalimvetse. Ndidapempha masiku atatu.

M'masiku amenewo ndidawerenga zimene mtsikanayo adanditumizira ndi zina zimene ndidafufuza ndekha. Maphunziro a osteopathic adayambitsidwa ndi dokotala wina wa ku America dzina lake Andrew Taylor Still. M'chaka cha 1864 ana ake atatu adamwalira ndi matenda oumitsa khosi iye akuona, ndipo mankhwala a nthawi imeneyo, amene ena adali chiphe chenicheni, sadathandize kanthu. Chisoni chidamuchititsa kukayikira zonse zimene adaphunzira. Pofika 1874 adayamba kuphunzitsa kuti thupi ndi chinthu chimodzi cholumikizana, kuti lili ndi mphamvu yodzichiritsa, ndi kuti mafupa, minofu ndi mitsempha zikakhala m'malo mwake munthu amapeza bwino. Mu 1892 adatsegula sukulu yake ku Kirksville, m'boma la Missouri, ndipo m'kalasi yoyambayo mudali amayi angapo, chinthu chimene sukulu zambiri za udokotala za nthawi imeneyo sizinkalola.

Sindingabise kuti zina mwa zimene Still ankakhulupirira sayansi idazikana. Malungo sachokera ku fupa losuntha, ndipo palibe kukankha msana kumene kungaphe kachirombo ka chifuwa chachikulu. Chimene chidandipatsa chidwi n'chakuti otsatira ake sadaumirire pa zolakwikazo. Pang'onopang'ono sukulu zawo zidalandira mankhwala, katemera ndi maopaleshoni, mpaka maboma onse 50 a ku America adawalola kugwira ntchito zonse za udokotala. Lero kumeneko kuli madigiri awiri a dokotala: MD ndi DO. Onse amaphunzira zaka 4, amalemba mankhwala, amachita opaleshoni ndi kubadwitsa ana. Wa DO amaonjezerapo maola pafupifupi 200 ophunzira kupima ndi kuwongola thupi ndi manja, luso limene limathandiza ena odwala msana, ngakhale kuti madokotala ambiri a DO akayamba ntchito saligwiritsa ntchito kawirikawiri. Mwa ophunzira udokotala anayi alionse ku America, mmodzi ali m'sukulu zoterezi, ndipo sukuluzo zidapitirira 40.

Njira yofikira pakhomo la sukuluzi ndi yaitali. Ife tidazolowera kuti mwana akakhoza bwino mayeso a Fomu 4 amangodikira kumva dzina lake pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite. Kumeneko munthu amayamba watenga digiri ina ya zaka 4, kenaka amalemba mayeso otchedwa MCAT, amene amatenga pafupifupi tsiku lathunthu ndipo malikisi ake amayambira pa 472 kulekeza 528. Atatero amatumiza zikalata zake kudzera ku ofesi imodzi ya pa intaneti yotchedwa AACOMAS, pamodzi ndi chimangirizo chofotokoza chifukwa chake akufuna udokotala, ndiponso makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi ndi madokotala amene adamuona akugwira ntchito. Sukulu iliyonse imamufunsanso mafunso akeake, imalipiritsa yakeyake, ndipo ikakhutira imamuitana kukacheza naye. Mtsikana wathuyu adadutsa monsemo akugwiranso ntchito yausiku m'chipatala. Pa chimangirizo chake adalemba za agogo ake, mayi anga, amene adamwalira pa ngolo tikuthamangira nawo kuchipatala. Ndime imeneyo ndidaiwerenga kamodzi kokha.

Tsono nkhawa yanga yoyamba idatha: udokotala wake ndi weniweni. Idatsala yachiwiri, imene idandisowetsa tulo, ya sukulu yatsopano.

Sukulu ya DO ikamayamba siilandira chivomerezo chonse nthawi imodzi. Bungwe loyang'anira sukuluzi, lotchedwa COCA, limayamba laipatsa chilolezo chongoyembekezera, chimene chimailola kulemba ophunzira. Chivomerezo chokwanira chimadza kalasi yoyamba ikamatsiriza maphunziro. Bungweli limalamulanso eni sukulu kusungitsa ndalama padera, kuti zinthu zikavuta ophunzira athe kutsiriza maphunziro awo. Lamulo limeneli ndi labwino, komabe kukhalapo kwake kukutiuza kuti zinthu zikhoza kuvutadi. Sukulu yakale ukhoza kuifunsa kuti mwa ophunzira ake ndi angati amakhoza mayeso a dziko lonse otchedwa COMLEX, amene wa DO aliyense ayenera kukhoza kuti apatsidwe chiphaso. Ukhozanso kuifunsa kuti ndi angati amapeza malo m'zipatala zophunzitsira ukatswiri, pakuti ku America digiri yokha siikwanira: wotsiriza sukulu ayenera kugwira ntchito moyang'aniridwa zaka zosachepera 3, ndipo malo ake amalimbirana m'ndondomeko yotchedwa Match, imene zotsatira zake zimatuluka m'mwezi wa Malichi. Kuyambira 2020 a MD ndi a DO amalimbirana malo omwewo. Sukulu yatsopano ilibe yankho pa mafunso awiriwa. Ili ndi nyumba zowala, zidole za kompyuta zophunzirirapo kupima odwala, ndi malonjezo.

Pa zithunzi zimene adanditumizira, nyumbazo zidali zokongoladi, magalasi okhaokha. Ndidakumbuka zija amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe sindidafune kuweruza sukulu ya eni ndi mwambi. Chimene chinkandivuta kwenikweni chidali chikumbumtima changa, pakuti ine ndidatsegulapo sukulu.

Uphunzitsi ndidauphunzira ku koleji ya aphunzitsi ku Lilongwe, ndipo nditaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ndidapita ku Domasi kukaonjezera maphunziro. Boma litasandutsa sukulu za MCDE kukhala sekondale zoyendera za m'madera mu 1998, midzi yambiri idaumba njerwa kuti nayonso ikhale ndi sekondale yakeyake. M'chaka cha 2000 ndidatumizidwa kukatsegula imodzi mwa sukulu zoterezi. Tidali aphunzitsi atatu, zipinda ziwiri zosapaka laimu, ndi bokosi limodzi la choko. Ophunzira adali ochepa, motero ndinkayenda pa njinga m'midzi kukopa makolo.

M'mudzi wina mudali mtsikana wanzeru kwambiri amene adakhoza bwino mayeso a Sitandade 8 koma sadasankhidwe kupita ku sekondale yogonera konko. Bambo ake ankafuna kuti abwereze kalasiyo, monga ambiri ankachitira, kuti mwina chaka chotsatira mwayi udzamugwere. Mwanayo ankafuna unamwino. Ine ndidakhala pa mpando wa ndalema pabwalo pawo, ndidadya nawo chinangwa, ndipo ndidawauza kuti kubwereza ndi kutaya chaka. Bamboyo adandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi aphunzitsi, za sayansi zija zilipo?" Ndidayankha kuti labotale ikubwera chaka chamawa. Sindidaname mwadala. Ifenso tidali titalonjezedwa chomwecho, ndipo ndidangotenga lonjezo la wina n'kulipereka ngati langa.

Labotale siidabwere chaka chamawacho, ngakhale chinzake. Bayoloje ndinkaphunzitsa pojambula mtima ndi impso pa bolodi. Tsiku lina ndidagula mapapo a mbuzi pa msika ndi ndalama yanga kuti ana aone mmene amafufumira ukawauzira mpweya ndi bango, ndipo phunziro limenelo amalikumbukabe mpaka lero. Koma Physical Science sitidaphunzitse n'komwe, chifukwa padalibe zipangizo kapena mphunzitsi wake. Mu 2003 mtsikana uja adakhoza mayeso a Fomu 4, mmodzi mwa ochepa a m'kalasi yake, koma satifiketi yake idalibe phunziro limene sukulu za unamwino zinkafuna. Lero amagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa kwathu. Ali ndi banja labwino ndipo sadandaula. Akandiona amaimirira, nati, "Aphunzitsi, tengani ka ndiwo," ndipo amakana ndalama yanga. Kukoma mtima kwakeko kumandipweteka koposa chitonzo.

Chilungamo chake n'chakuti sukulu ija idakula. Tsopano ili ndi labotale, mitengo imene kalasi yoyamba idabzala ikupereka mthunzi, ndipo ana ake ena adafika ku yunivesite. Anthu akamaiyamikira amanena zoona. Koma amene adalipira mtengo wa kukula kumeneko ndi ana 38 amene ndidawalemba m'kaundula tsiku loyamba lija.

Pofuna kudziletsa kuti mantha anga asalamulire moyo wa mwana wa mlongo wanga, ndidakumbukiranso chitsanzo china. Dziko lathu lidakhala zaka 27 lili pa ufulu wodzilamulira lopanda sukulu yakeyake ya udokotala. Ophunzira ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerera. College of Medicine itatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, mwa khama la anthu monga Pulofesa John Chiphangwi, ndikukumbuka anthu ena ophunzira akunena m'mabasi kuti iwo sangalole kung'ambidwa ndi dokotala wophunzira konkuno. Madokotala oyamba, amene adayambira maphunziro awo kunja n'kudzatsirizira kuno, adatuluka mu 1992. Lero ambiri mwa akatswiri amene akuyendetsa zipatala zathu adadzera pakhomo pomwepo, ndipo mu 2021 kolejiyo idaphatikizana ndi ya anamwino ya Kamuzu kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Ndidadzifunsa kuti kodi sukulu yatsopano imeneyi idali ndi chiyani chimene yanga idalibe. Nyumba zake poyamba zidali zochepa. Koma pafupi pomwepo padali chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chodzaza odwala a matenda a mtundu uliwonse, ndi madokotala odziwa ntchito oti wophunzira aziwatsata pambuyo. Chida chenicheni chophunzitsira chidalipo kale tsiku lotsegulira lisanafike.

Tsiku lachitatu ndidaimba foni. Kuno idali 8 koloko usiku, kwawoko dzuwa lili pamutu.

"Iwe mwana wanga," ndidatero, "za magalasi zija ndaziona. Tsono ukawafunse izi. Chaka chachitatu ndi chachinayi, pamene muzidzaphunzira pa odwala enieni, mudzapita ku chipatala chiti? Atchule dzina lake. Kodi pangano lake lidasainidwa kale, kapena akukambirana? Kodi aphunzitsi a chaka choyamba adalembedwa kale ntchito, ndipo adaphunzitsapo kuti? Akakuyankha kuti zikubwera chaka chamawa, usalipire."

Adaseka, nati mafunso omwewo adali nawo koma ankaopa kuoneka wamwano kwa anthu amene amuchitira chifundo pomutenga. Ndidamuuza kuti amene akukagula ndi iyeyo. M'sukulu zambiri zoterezi fizi ya chaka chimodzi imapitirira madola 50,000, imene pa mtengo wa kubanki wa nthawi imeneyo idali yoposa K87 miliyoni, osawerengera chakudya ndi pogona. Ophunzira ambiri amalipira ndi ngongole. Sukulu zina zatsopano zimayamba zisanaloledwe kulandira ngongole za boma, ndipo zikatero wophunzira amakongola ku mabanki, kumene chiwongoladzanja chimakhala chowawa ndiponso amafuna mboni yosainira. Mboni imeneyo ikadakhala mlongo wanga, mayi wa zaka 58 wodwala mawondo. Funso limenelinso ndidamuuza kuti akafunse, ndipo yankho lake alilandire lolembedwa.

Padali chinthu china chimene ndidazengereza kuchitchula, chifukwa mudali kudzikonda kwanga. Ndinkafuna kudziwa ngati digiri imeneyi ingamulole kudzagwira ntchito kuno kwathu. Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri yathu. Dr Hastings Kamuzu Banda adatsiriza udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville mu 1937, koma kuti aloledwe kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Britain adayenera kukaphunziranso ku Edinburgh, kumene adatsiriza mu 1941. Pa digiri ya DO palinso chisokonezo cha dzina. Ku Britain ndi ku South Africa munthu wotchedwa osteopath si dokotala wa mankhwala kapena opaleshoni, ntchito yake ndi ya manja yokha. Motero wa DO wochokera ku America, akatuluka m'dziko lake, amayenera kufotokoza ndi kuonetsa zikalata kuti iye ndi dokotala wathunthu. Ndidamulangiza kuti alembere kalata bungwe la Medical Council of Malawi, limene limalemba madokotala m'kaundula, kuti amve zofunika kudakali m'mawa.

Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Amalume, ndilemba. Koma ndisakunamizeni. Ndi ngongole imeneyi, zaka 10 zoyamba sindingathe kubwera kudzakhala. Malipiro a kumudzi sangaibweze."

Mawuwa adandilasa, koma ndidamulemekeza chifukwa cha iwo. Mwanayu adakana kundichita zimene ine ndidachita bambo uja pa mpando wa ndalema.

Patatha sabata adandiyankha. Sukuluyo idatchula zipatala zake ndi maina, ndipo chachikulu mwa izo chidali chakale, chokhala ndi madokotala ophunzira ukatswiri kale. Iye sadakhutire ndi kalata yokha. Adayendetsa galimoto maola angapo kukaona yekha, nacheza ndi namwino wina pa chipata, amene adamuuza kuti akudziwa za ophunzira amene akubwera ndipo chipinda chawo chidakonzedwa. Aphunzitsi a chaka choyamba adalipo, ambiri ochokera ku sukulu zakale. Pa za ngongole yankho silidali lokoma: chaka choyamba adayenera kukongola ku banki. Za mayeso ndi za Match padalibe amene akadamuyankha, ndipo mkulu wa sukuluyo adavomera poyera kuti mbiri imeneyo adzailemba ndi iwowo. Adaonjeza kuti m'kalasi yoyamba mulibe akuluakulu a chaka chachiwiri okuuza mabuku oyenera kuwerenga kapena mphunzitsi woyenera kumusamala, koma aphunzitsi amadziwa wophunzira aliyense ndi dzina, chifukwa tsogolo la sukulu lagona pa iye. Izi ndidazivomereza, pakuti ana anga 38 aja ndikhoza kuwatchula onse mpaka lero, motsata alifabeti.

Tidakambirana atatu, ine, iye ndi mayi ake. Ndidaika poyera njira inayo: kudikira sukulu yakale ija, ndipo ikakanika, kulembanso MCAT ndi kufunsiranso chaka chinacho. Kumeneko kudali kubwereza Sitandade 8 kumene ndidaletsa mwana wa eni zaka 24 zapitazo, ndipo ulendo uno ndidakutchula mwaulemu, monga njira yoyenera kuiganizira. Mlongo wanga adati mawondo ake sangadikire chaka china chopanda chitsimikizo, ndipo kusaina asaina. Mtsikanayo adati wasankha yatsopanoyo. Adandifunsa ngati ndikuvomera.

Ndidati, "Sindikulonjeza kanthu, chifukwa sukuluyo si yanga. Koma mafunso wafunsa, ndipo waona ndi maso ako. Pita."

Sukulu yakale ija siidamuitane konse. Chapakati pa chaka cha 2025 adanditumizira chithunzi ali m'gulu la anzake, onse atavala makhoti oyera a udokotala, kumbuyo kwawo kuli timitengo tongobzala kumene, tomangirira ku zikhomo. Amaimba foni Lamlungu lililonse. Amadandaula za kuchuluka kwa zowerenga, ndi za ndondomeko ya maphunziro imene idasinthidwa kawiri m'teremu imodzi, ndipo tsiku lina adandilangiza mmene ndingagonere kuti msana usamandipweteke ndikachoka kumunda. Kuseri kwa buku langa la nyimbo ndidalembako zaka ziwiri: 2027, pamene adzalembe gawo loyamba la COMLEX, ndi 2029, mwezi wa Malichi.

Sabata yatha ndidapita ku msika ndipo ndidaima pa benchi la mayi wa tomato uja. Ndidatulutsa foni kuti ndimuonetse chithunzicho, ndikukayika ngati n'koyenera. Adapukuta manja pa chitenje, nachiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti mwanayo ndi uti. Nditamulozera adati, "Ameneyu akadzabwera mudzandiuze, aphunzitsi, adzandione shugayu." Kenaka adandiikira tomato anayi m'jumbo, ndipo ndalama yanga adaikananso.